Kamtsinje ka M'bokosi

Okutobala wafika ku Kapata,
malata akulira ngati akuthyoka msana,
ndipo kompyuta yanga yathima kachitatu lero
ndili pakati pa kanema wa ukwati wa eni ake.
Mkwatibwi wauma pagalasi, mwendo umodzi m'mwamba,
kudikira kuti makina apume.

Mafani anayi, onse kukuwa,
koma angotakasa mpweya wotentha womwewo.

Ndinasunga ndalama miyezi isanu.
Katoni inabwera pa basi ya ku Lusaka
itaphwanyika ngodya, ikununkha kapenta wa munthu wina.
M'kati mwake: pampu ngati chibakera cha mwana,
kachidutswa ka mkuwa kosalala ngati kalilole,
rediyeta, machubu,
ndi timphete ta mphira khumi ndi tiwiri.
Ndinawerenga kawiri: khumi ndi kamodzi.
Kotsalako kanabisala m'khwinya la pepala.

Amalume a Daka, amene atha zaka makumi atatu
akuwotcherera marediyeta a malole opita ku Mwami,
anabwera kudzaona misala ya mwana wa mlongo wawo.
"Tisiyenji, madzi ndi magetsi,
unamva liti kuti anagonapo nyumba imodzi?"
Anaseka, koma sanachoke.
Ananyamula rediyeta, kuigwedeza pafupi ndi khutu.
"Tsuka kaye. Muli zinyalala za kufakitale."
Ndinatsuka. Tinatulukadi, timchenga takuda.

Chubu choyamba ndinachidula chachifupi.
Chachiwiri chinapindika pakhosi ngati phesi la dzungu.
Chachitatu chinalowa,
ndinamanga ndi zala mpaka thuza linatuluka.
Nditafikira sipanala, anandigwira dzanja:
"Mphira safuna ukali."

Madzi a batire, mabotolo awiri.
Ndinazula mawaya onse kusiya wa pampu,
n'kuyala mapepala oyera pansi pa mfundo iliyonse
monga matewera.
Ndinathira.
Pampu inakhosomola, inameza, inapempha ena.
Thovu linayenda m'chubu ngati anthu otuluka m'tchalitchi,
ena othamanga, ena oima pakhomo kucheza.
Tinapendeketsa bokosi uku ndi uku
ngati khanda lofuna kugeya.

Kenako ndinaliona.
Dontho limodzi lokha,
likukula pang'onopang'ono papepala,
ndipo m'mimba mwanga munazizira kuposa madziwo.
Miyezi isanu!
Amalume sananene kuti ndinakuuza.
Anangoloza ndi chikhadabo chakuda:
kamphete kaja, kobisala kaja,
kanakhala mopendama.

Kukhuthula. Kupukuta. Kuyambanso.
Titangodzaza kachiwiri, magetsi anapita,
Kapata yense zii,
phiri la Kanjala lokha likuoneka ndi moto wa osaka mbewa.
Tinakhala mumdima,
iwo akundisimbira za lole ya fodya
imene inawira pa chitunda usiku wa mvula,
ine ndikuunika mapepala ndi foni
mphindi iliyonse.

Magetsi anabwera tambala asanalire.
Pampu inang'ung'udza yokha mpaka kucha.
Mapepala gwa, ouma.

Ndinabwezera mawaya ndi manja onjenjemera,
ndinadina batani.
Nambala imene inkafika makumi asanu ndi anayi
inaima pa makumi asanu ndi limodzi, osasuntha.
Ndipo bata!
Ndinamva tsache la amake Zondiwe kuseri kwa mpanda,
belu la njinga yopita kumsika,
ndi kamtsinje kanga
kakuzungulira, kubwerera kumene kachokera.

Mkwatibwi anaponda pansi,
navina mpaka nyimbo kutha.

Amalume anaika chikhatho kuseri kwa rediyeta,
kumene mpweya wofunda unkatuluka mwaulemu.
"Waona? Kutentha sikufa ayi,
kumangosamuka."
Anavala chipewa, napita ku malole awo.

Tsopano makina akuzizira,
ine ndikutuluka thukuta m'malo mwake.
Ndatsegula zenera.
Pepala limodzi ndalisiya pansi pa mfundo ija,
ndimalisuzumira m'mawa uliwonse
ndisanasambe m'maso.